Mafunso ndi mayankho kwa ana a ku Kasungu ofuna maphunziro a zachipatala, ndi makolo awo

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, mafunso okhudza sukulu za zachipatala amachuluka kuno ku Kasungu. Ena amafunsa ndi ana eni ake, ena ndi makolo amene agulitsa fodya ku Chinkhoma ndipo akufuna kudziwa koyika ndalamazo zisanathere zina. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene amabwerabwera, ndipo ndawayankha monga ndingayankhire mwana wa mlongo wanga.

Ndili Fomu 2 ndipo ndikufuna kudzagwira ntchito kuchipatala. Ndiyambire pati?

Mwafunsa nthawi yabwino, chifukwa ambiri amadzafunsa atalemba kale MSCE, zinthu zitavuta kukonza. Nkhani yagona pa maphunziro amene musankhe polowa Fomu 3. Musasiye Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Chingerezi nachonso musachitenge mwachibwana, pakuti popanda credit ya Chingerezi yunivesite singakulandireni ngakhale sayansi mutaikhoza bwanji. Kale Chemistry ndi Physics zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science. Tsopano anazigawa, ndipo ana ambiri amathawa limodzi mwa awiriwa kuti ntchito iwachepere. Akadzaona zimene koleji ikufuna, amapeza kuti limene analithawa lija ndilo likufunika.

Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwakhoza koposa, koma sukulu za zachipatala siziona mapointi okha, zimayang'anitsitsa magiredi a sayansi. Mwana angathe kukhala ndi mapointi okoma ochokera ku Chichewa, Agriculture ndi Bible Knowledge, koma ngati Chemistry wapeza 7, njira ya udokotala ndi ya zamankhwala imamuvuta.

Ine ndikufuna udokotala basi. Zinazo n'zotani?

Funso ili ndimalikonda, ndipo ndichedwapo pang'ono, chifukwa ana ambiri a kumudzi amangodziwa ntchito ziwiri, udokotala ndi unamwino. Akalephera kulowa ziwirizi amaganiza kuti zonse zatha.

Taganizani za mayi woyembekezera amene wafika usiku pa chipatala chaching'ono cha kwa Wimbe matenda atamuyamba. Womulandira ndi namwino yemwenso ndi mzamba. Amamuyeza kuthamanga kwa magazi, kumvetsera mtima wa mwana, n'kumalemba pa pepala mmene njira ikutsegukira. Maola akamapita osaona kusintha, iyeyu ndiye amazindikira kuti apa mayi sachira yekha, n'kuitanitsa ambulansi. Pofika ku chipatala chachikulu cha boma la Kasungu, wa ku labu amatenga magazi kuti aone ngati ali okwanira ndiponso gulu lake, kuchitira kuti angafunike kuwonjezera. Ku fiyeta kuli wina amene anaphunzira kugonetsa odwala, amene amabaya jakisoni wa pamsana n'kukhala kumutu kwa mayiyo akuyang'anira kapumidwe kake. Wochita opaleshoniyo, m'zipatala za m'maboma, nthawi zambiri amakhala clinical officer. Mwana akatuluka osalira, namwino wina amamupukuta msanga n'kumuthandiza kupuma. M'mawa mankhwala amachokera ku famase, ndipo mayiyo akabwerera kumudzi, amene adzamuone mwanayo ku sikelo ndi kumupatsa katemera ndi mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri amamutchula kuti HSA. Anthu onsewa anapita ku sukulu zosiyana, ndipo pakadasowa mmodzi yekha, moyo wa mayi ndi mwana ukadakhala pa chiswe.

Utali wa maphunziro umasiyana. Udokotala, digiri ya MBBS, ndi zaka 5 kuwonjezera pa chaka choyamba chokonzekera, kenako miyezi 18 ya internship, yogwira ntchito moyang'aniridwa, pa chipatala chachikulu. Clinical officer amaphunzira dipuloma ya zaka 3 n'kuchita internship ya chaka. Medical assistant, amene mumamupeza akulemba mankhwala m'kabuku kanu pa zipatala zing'onozing'ono, ndi wa satifiketi ya zaka 2. Namwino wa digiri amaphunzira zaka 4, wa dipuloma ya Nursing and Midwifery Technician zaka 3. Palinso a mano, a maso, ojambula X-ray, a mafizo amene amaphunzitsa munthu wa sitiroko kuyendanso, a kadyedwe koyenera, a matenda a maganizo, ndi a zaukhondo amene amayeza madzi a m'zitsime ndi kuyendera misika. Amene anaona kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sangapeputsenso ntchito ya anthu a zaukhondo.

Ngati mtima wanu uli pa udokotala ndipo magiredi akulola, pitani nazoni, sindikukubwezani. Ndikungofuna kuti musaike chiyembekezo chonse pa khomo limodzi lopapatiza pamene ena ali otsegula.

Sukulu zake zili kuti?

Yaikulu ndi Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS mwachidule. Inayamba kuima payokha mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing, imene inayamba mu 1979. Ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Kumeneko ndi kumene kuli udokotala, udokotala wa mano, famase, za labu, mafizo ndi unamwino wa digiri. Mzuzu University ili ndi unamwino ndi uzamba, za maso ndi Biomedical Sciences. MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa Environmental Health, LUANAR ku Bunda ili ndi za kadyedwe, ndipo MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro monga Medical Microbiology ndi Immunology.

Ma dipuloma ndi masatifiketi ambiri amachokera ku Malawi College of Health Sciences, imene ili ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komanso ku makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu. Kwa ife a ku Kasungu, Nkhoma ku Lilongwe, St John's ku Mzuzu ndi Ekwendeni ndiwo ali kufupi. Kummwera kuli St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Trinity ku Nsanje ndi Malamulo ku Thyolo. St John of God ku Mzuzu imadziwika ndi maphunziro a matenda a maganizo. Daeyang ku Lilongwe nayonso imaphunzitsa unamwino.

Amasankha bwanji? Ndingodikira dzina langa pa wailesi ngati za Fomu 1?

Ayi ndithu. Osafunsira malo, dzina lanu silingatuluke ngakhale mutakhoza kuposa onse m'boma lino. Malo a m'mayunivesite a boma amafunsiridwa kudzera ku National Council for Higher Education, NCHE, imene imalengeza nthawi yofunsira zotsatira za MSCE zikatuluka. Mumalemba mapologalamu angapo motsatana, kuyambira imene mukuifunitsitsa. Chilengezocho chimanena magiredi ofunika pa pologalamu iliyonse, zaka za MSCE zimene zikuloledwa, ndiponso ngati mungaphatikize zotsatira za mayeso olembedwa zaka zosiyana. Chiwerengeni chonse, mzere ndi mzere, chaka chimenecho, osadalira zimene anachita achimwene anu zaka zapitazo.

Cholakwa chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwana amadzaza malo onse ndi mapologalamu olimbiranidwa kwambiri, udokotala, famase, mano, osasiya ngakhale amodzi a pologalamu imene magiredi ake angaifikire bwinobwino. Kukwanitsa zimene alemba pa chilengezo kumangokulowetsani mu mpikisano. Malo ndi ochepa, ndipo amayambira kutenga amene akhoza koposa. Musanatumize, khalani pansi ndi aphunzitsi amene amatsata za masankhidwe, muone limodzi.

Makoleji a CHAM amalengeza paokha, m'nyuzipepala ndi pa masamba awo a pa intaneti, ndipo kawirikawiri amaitana anthu ku mayeso olowera kapena kukacheza nawo pamaso. Palibe choletsa kufunsira ku NCHE ndi ku makolejiwa chaka chimodzimodzi.

Ndimaphunzira pa CDSS yopanda labotale. Kodi ndingapikisane ndi a ku Chayamba, Nkhamenya Girls kapena Kamuzu Academy?

Sindikunamizani kuti mukuyambira pamodzi. Mwana amene wagwira yekha burette n'kuona madzi akusintha mtundu amamvetsa titration mosiyana ndi amene anangoijambula m'kope. Komabe MANEB imapereka pepala limodzi kwa onse olemba MSCE, ndipo chaka ndi chaka ana a m'ma CDSS amasankhidwa kupita ku yunivesite. Chimene ndaona chikuthandiza ndi ichi: pezani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, muwalembe ndi wotchi pambali, n'kupempha aphunzitsi kuti akuchongereni mosakunyengererani. Pangani gulu la anthu ochepa ofunadi sukulu. Pemphani a hedi kuti akambirane ndi sukulu ya pafupi imene ili ndi zipangizo kuti muzikachita ma practical ngakhale Loweruka. Aphunzitsi a sayansi akasowa pa sukulu yanu, makolo ndi komiti ya sukulu ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya zamaphunziro, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi ana ali Fomu 3, osati mayeso atayandikira.

Magiredi anga sanafike. Ndibwereze kapena ndilowe kumene angandilandire?

Zimatengera pamene paperewera. Ngati lakugwetsani ndi phunziro limodzi kapena awiri, kubwereza chaka chimodzi si manyazi, ndipo ndi kotchipa kuyerekeza ndi kulipira zaka zitatu kosi imene simukuifuna. Koma bwerezani mutasintha kawerengedwe, osati kungobwerera pa desiki lomwe lija. Ngati magiredi akukwana pa dipuloma, ine ndingati lowani, chifukwa njira yokwera ilipo.

Ndikayamba ndi dipuloma, sindikhala pomwepo moyo wanga wonse?

Ayi. Medical assistant akagwira ntchito zaka zingapo amatha kubwerera ku koleji kukatenga dipuloma ya clinical officer. Clinical officer amatha kukachita digiri ku KUHeS n'kuzama pa gawo limodzi, monga opaleshoni, matenda a ana, matenda a amayi kapena kugonetsa odwala. Namwino wa dipuloma amatha kukwera n'kukhala Registered Nurse. Mayunivesite ali ndi khomo la anthu amene ali kale pa ntchito, lotchedwa mature entry, limene mumafunsira ku yunivesite komweko.

Njira imeneyi ndi yaitali, ndipo imalemera munthu akakhala ndi banja, poti fizi ya iwe mwini imalimbana ndi ya ana. Malipiro a wa digiri ndi wa dipuloma amasiyananso poyamba ntchito m'boma. Ubwino wake ndi wakuti umayamba kuthandiza kwanu msanga, ndipo pobwerera m'kalasi umakhala utaona odwala ambiri, zophunzira zimalowa mosavuta.

Ndine kholo. Mwana wanga wapeza malo pa koleji ina yoti si ya boma. Ndidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni?

Bambo, mayi, ngati pali yankho limodzi loti muliwerenge kawiri pa tsamba lino, ndi ili. Ntchito ya chipatala siyendera satifiketi ya sukulu yokha. Munthu amaloledwa kugwira wodwala pokhapokha dzina lake litalowa m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchitoyo. Madokotala, ma clinical officer, ma medical assistant, a mano, a labu, a X-ray ndi a mafizo amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Anamwino ndi azamba amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo amayamba alemba mayeso a bungweli akamaliza koleji. A famase amalembetsa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mabungwewa amalandira okhawo amene aphunzira pologalamu imene iwo anaivomereza. Mwana akaphunzira kosi yosavomerezeka, ngakhale atavala gauni n'kujambulitsa zithunzi, sangalembedwe ntchito pa chipatala cha boma, cha mishoni ngakhale cha munthu wamba chotsata malamulo.

Choncho musanalipire ngakhale ndalama ya fomu, funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi kolejiyo inalembetsedwa ndi kuvomerezedwa ndi NCHE? Bungweli limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi mapologalamu ovomerezeka. Chachiwiri, kodi kosi imene mwana wanu akukachitayo, pa nthambi imene akukaphunzirayo, ndi yovomerezedwa ndi bungwe la ntchitoyo? Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa, chifukwa koleji ingathe kukhala yovomerezeka pa maphunziro a zamalonda koma osati pa unamwino. Musakhutire ndi pepala lopachikidwa pakhoma la ofesi kapena mawu akuti "zili m'njira, atipatsa posachedwa". Imbani foni ku bungwelo, kapena tumani wachibale wa ku Lilongwe akafunse pamaso. Kuchoka pa Kasungu kupita ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwerera, ndipo thiransipoti yake ndi yochepa poyerekeza ndi mabelo a fodya amene mungataye. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Funsaninso kuti ophunzira amakachitira kuti ma practical, ndi chipatala chiti, ndipo amawayang'anira ndani. Koleji yeniyeni imayankha funso limeneli mosazengereza. Chenjeraninso ndi timakosi ta miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi timene timalonjeza kuti mwana akamaliza adzakhala namwino. Unamwino wa miyezi kulibe.

Wina watiimbira kuti ali ndi m'bale wake ku koleji, atipezera malo tikamutumizira ndalama pa foni. Titumize?

Musatumize. Malo sagulidwa kwa munthu, ndipo ndalama ya fomu imalipidwa ku akaunti ya sukulu imene yalembedwa pa chilengezo, n'kulandira risiti. Aliyense wopempha ndalama pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba kuti "akonze dzina" ndi wakuba, ndipo nkhani yake ndi ya kupolisi.

Nanga fizi? Ife timadalira ulimi.

Mitengo imasintha kawirikawiri, choncho tengani ya chaka chimenecho kuchokera ku sukulu yeniyeniyo. Chimene makolo ambiri amaiwala n'chakuti fizi ndi gawo chabe. Pali malo ogona, chakudya, yunifolomu ndi nsapato zake, wotchi ya namwino, stethoscope, ndalama yolembetsera ku bungwe la ntchito, foni kapena kompyuta yowerengera, komanso ulendo ndi lendi pa nthawi imene mwana watumizidwa ku chipatala chakutali kukaphunzira ntchito. Kumeneku ndi kumene ana ambiri amavutikira mwakachetechete, osafuna kudandaulira makolo.

Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Mwana amafunsira akapeza malo, ndipo amafuna umboni woti kwawo ndi kosowadi. Si onse ofunsira amene amalandira, ndipo ndi ngongole, imadzabwezedwa akayamba ntchito kuti ena apindulenso. Ngati mwana akupita ku koleji ya dipuloma, funsani ku kolejiko ngati ophunzira ake amafikiridwa ndi ngongoleyi. Palinso mabungwe monga GAIA, imene imathandiza ophunzira unamwino, ndi Medic to Medic, imene imathandiza ophunzira zachipatala osowa. Kafunseninso ku ofesi yosamalira anthu ya kwa DC, ku mpingo kwanu, ndi ku ofesi yoona za ophunzira pa kolejipo. Zipatala zina za mishoni zimalipirira mwana mogwirizana kuti akamaliza adzagwire ntchito kwa iwo zaka zingapo. Pangano lotere muliwerenge bwino musanasaine.

Kwa ife alimi vuto lina ndi nyengo. Ndalama ya fodya, soya ndi mtedza imabwera pakati pa chaka, pamene fizi ya teremu ina imafunika mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi ya feteleza ndi njala. Mukagulitsa, patulani ya mwanayo nthawi yomweyo, ndipo ngati koleji ikulola, lipiriranitu.

Maphunziro ake amakhala otani? Akuti ndi ovuta kwambiri.

Ndi ovutadi, makamaka chaka choyamba. Mwana amene ankakhala nambala wani ku sekondale amapeza kuti m'kalasi monse ndi anthu amene ankakhala nambala wani kwawo. Zophunzira zimabwera zambiri nthawi imodzi: mmene thupi linapangidwira, mmene limagwirira ntchito, tizilombo toyambitsa matenda, mankhwala ndi milingo yake. Kuloweza usiku wa mayeso sikuthandiza kumeneko. Ophunzira udokotala amayamba ndi zaka za m'kalasi ndi mu labu, kenako amazungulira m'mawodi a Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Mangochi.

Anamwino amalowa m'wodi msanga. Ntchito zoyamba ndi kuyala bedi, kusambitsa wodwala amene sangathe kudzuka, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kuchotsa bedpan, kuyeza kutentha kwa thupi m'bandakucha. Amene analowa chifukwa chosirira yunifolomu amakhumudwa apa. Ophunzira uzamba amakhala ndi buku limene amalembamo mayi aliyense amene amuchiritsa, n'kusainitsa kwa wowayang'anira, ndipo samaliza asanakwanitse chiwerengero chimene chinaikidwa. Tchuthi chimafupika, ndipo ntchito ya usiku imayamba udakali pa sukulu.

Chinthu china chimene ana a ku Kasungu ali nacho osachiwerengera ndi zilankhulo. Maphunziro ndi a m'Chingerezi, koma odwala salankhula Chingerezi. Mwana wa ku Nkhamenya kapena kwa Kaluluma amene amalankhula Chichewa ndi Chitumbuka angathe kufunsa wodwala bwinobwino kaya ali ku Mzuzu kaya ku Lilongwe, ndipo agogo odwala amamasuka naye.

Ndimaopa magazi ndi mitembo. Ndiye kuti si za ine?

Ambiri amachita chizungulire ulendo woyamba kulowa ku fiyeta, ndipo amazolowera. Ophunzira udokotala amaphunziradi pa matupi a anthu omwalira, mwaulemu ndiponso motsata malamulo, ndipo palibe zamatsenga zilizonse monga amanenera ena kumudzi. Cholemera kuposa magazi ndi imfa ya wodwala amene unamuzolowera, makamaka mwana, ndi kulira kwa gadiyani wake pakhonde. Zimenezi sizizolowereka kwenikweni, ndipo ndi bwino kukhala ndi anzako ndi akuluakulu owauza zakukhosi. Ngati mantha anu ndi aakulu ndithu, ganizirani famase, maso, kadyedwe kapena zaukhondo.

Za kutenga matenda, chiopsezo chilipo ndipo sitingabise. Pali katemera wa matenda a chiwindi a Hepatitis B amene wophunzira aliyense ayenera kulandira asanayambe kugwira odwala. Mukadzibaya ndi singano imene yagwiritsidwa ntchito, nenani nthawi yomweyo kuti akupatseni mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ophunzira ena amabisa poopa kukalipiridwa, ndipo kubisako ndiko koopsa.

Mwana wanga wamkazi anabereka ali Fomu 3. Mpata ulipobe? Nanga mnyamata angakhale namwino?

Ulipo. Kuyambira 1993 malamulo a zamaphunziro m'dziko muno amalola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka, ndipo makoleji amaona magiredi, osati ngati munthu ali ndi mwana. Chofunika ndi wina pakhomo woti atsale ndi khandalo ndi mtima wonse. Anyamata nawonso amaphunzira unamwino ndi uzamba, ndipo alipo ambiri m'zipatala zathu.

Bwanji kukaphunzira kunja?

Kale kunalibe kuchitira mwina. Dr Daniel Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937 asanapite ku Edinburgh. Mpaka 1991 Mmalawi aliyense wofuna udokotala ankayenera kutuluka m'dziko. Lero ena amapitabe ku Zambia, ku China, ku India, ku Russia ndi kwina, ena pa thandizo la maboma, ena pa thumba la makolo. Musanapite, kafunseni ku Medical Council kapena ku bungwe la anamwino ngati sukuluyo amaizindikira, chifukwa pobwera adzakuunikani asanakulembeni m'kaundula. Werengeraninso kugwa kwa kwacha. Fizi yolipira m'madola ingathe kukwera pakati pa maphunziro mpaka banja kulephera, mwana n'kubwerera chimanjamanja ali chaka chachitatu.

Ndikamaliza, ntchito ndiipeza?

Apa ndiyenera kunena zoona zokhazokha. Akuluakulu ena amakumbukira zaka za pakati pa 2004 ndi 2009, pamene boma ndi mayiko othandiza anali ndi ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito m'zipatala, ndipo womaliza koleji ankangouzidwa kokagwira. Masiku ano sizili choncho. Zipatala zikusowa anthu, inde, koma kulemba ntchito kumadikira ndalama za boma, ndipo anamwino ndi ma clinical officer ambiri amakhala pakhomo miyezi, ena zaka, akudikira ma interview. Ntchito za m'zipatala za m'maboma zimalengezedwa kudzera m'makhonsolo. Zina zambiri zinkadalira thandizo lakunja, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, anthu ambiri a m'mabungwe a zaumoyo anakhudzidwa.

Ngakhale zili choncho, munthu amene ali m'kaundula ali ndi poyambira. Pali zipatala za mishoni monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya, zipatala za anthu wamba, mafamase, mabungwe a kafukufuku, ndi ntchito zogwirizira zimene amati locum. Amene amavomera kupita kumudzi, kumalo ngati Chulu, Chamama kapena Simlemba, amaphunzira ntchito msanga chifukwa zambiri zimagwera iwo. Moyo wake si wofewa: nyumba zimasowa, magetsi ndi madzi amavuta, mankhwala amatha, ndipo usiku anthu amagogoda pakhomo. Koma ine ndimalakalaka ana a kuno ataphunzira n'kubwerera kuno, chifukwa munthu amene anakulira m'midzi imeneyi amadziwa chifukwa chimene mayi amafikira mochedwa ku chidikiro nthawi ya dzinja, ndipo samukalipira.

Ndalemba mayeso, ndikudikira zotsatira. Pakadali pano ndichite chiyani?

Ngati mulibe chiphaso cha unzika, kalembetseni ku ofesi ya NRB tsopano, poti wazaka 16 amaloledwa kale, ndipo onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi zimene zili ku MANEB. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumachedwetsa zinthu zambiri. Tsegulani imelo yanuyanu, muisunge bwino pasiwedi yake, ndipo khalani ndi nambala imodzi ya foni imene simusintha, chifukwa makoleji amaitana anthu pa nambala imene analemba pa fomu. Phunzirani kugwiritsa ntchito kompyuta ngakhale pang'ono, kaya pa sukulu, kaya pa malo ogulitsa intaneti m'tauni.

Kenako pezani munthu amene akugwira ntchito imene mukuifunayo, kaya ndi namwino wa pa chipatala cha kwanu kaya wa ku labu amene mumapemphera naye, mumupemphe nthawi yocheza ataweruka. Mufunseni kumene anaphunzira, ndalama zimene zinkamuvuta, mmene tsiku lake limayendera ndi zimene akadachita mosiyana. Zotsatira zikatuluka, katengeni pepala lake ku sukulu msanga, muchite mafotokope angapo, chifukwa koleji iliyonse imene mufunsire idzafuna lakelake.